Mpunga wa Namwale ndi Puleni ya ku Mangalande

Iwe Mavuto, bweza chitsulocho pamene wachitenga. Osati choncho, chigoneke cham'mbali, mpeni wake usakhudze pansi. Ndinakumva dzulo ukuuza mlongo wako kuti anyamata ogula zitsulo zakutha akadzadutsa udzawaonetsa, ati ncholemera, chingatulutse ya mayunitsi. Makutu angawa ndi okalamba koma sanafe. Khalani pabenchipo nonse, inu ana, mvulayi sikata msanga, ndikuuzeni mtengo wake wa chinthu chimenechi. Mukamva, mudzagulitse ngati mtima ukulolani.

Dzina lake ndi puleni, chopalira matabwa. Masiku ano mukafuna thabwa losalala mumakwera minibasi mpaka ku Dwangwa, mnyamata nkulilowetsa m'makina amagetsi, makinawo nkukuwa, thabwa nkutulukira uko. Ngakhale fungo la mbawa simulidziwa. Ife thabwa tinkalisalaza ndi kasemasema, kusema pang'onopang'ono mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ukamaliza linkaonekabe mabala a kasemasemayo kuyambira kumutu mpaka kumchira.

Ine m'mudzi muno ndinabwera ngati mkamwini, kudzakwatira agogo anu aakazi, Namwale. Chuma changa chinali mphasa imodzi, kasemasema, ndi sowo yoguluka mano atatu. Nthawi imeneyo boma lathuli tinkaliti Kota Kota, olamula anali azungu, ndipo msonkho unali wosathawika. Mwamuna wosowa ya msonkho anali ndi njira imodzi, kukalembetsa kwa kalaliki amene ankakhala pansi pa mtengo kubomako, nkukwera lole ya ku Halale kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi. Ena ankabwerako. Ena ayi, ndipo amenewo tinkawatcha matchona. Bambo ake a Namwale anapita iye akadali kubere. Anatumiza bulangete limodzi chaka choyamba, kenako zii mpaka lero. Musaiwale zimenezi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa.

Umisiri ndinaphunzira kwa a Fundi Saidi, Msilamu wokhoma zombo zamatanga kudoko, poti fundi ndiye kuti mmisiri wamkulu. Anali munthu wochepa thupi, wosakonda kuyankhula kawiri. Iwo anali ndi chopalira chawo chamtengo, chimene ankachitcha landa monga amanenera Aswahili, mpeni wake wosulidwa ku sipuling'i ya galimoto. Ukawapempha kuti ukachigwiritse kwanu, ankangoti, “Landa ili ngati mswachi, sabwerekana.” Nkhani nkuthera pomwepo.

Tsono chaka china, titangokolola mpunga, mphunzitsi wamkulu wa pasukulu ya mishoni anafuna mabenchi a chipinda chatsopano. Ine ndinakhoma limodzi lachitsanzo ndi kasemasema wanga, nkulisenza mpaka kusukulu. Bamboyo anakhalapo, nkusendera uku kuti aone ngati likugwedera. Tinangomva kabudula wa khaki akuti ng'aa! Kachibanthu kanali katamugwira. Musaseke kwambiri, inu ana, kabudula wa khaki masiku amenewo anali ulemu wonse wa mphunzitsi. Anaimirira atagwira kumbuyo nkuti, “ABanda, benchi ndi lolimba, koma ana anga alibe makabudula awiriawiri. Mukapeza chopalira chenicheni chaka chisanathe, ntchito yonse ndi yanu. Mukalephera ndiitanitsa kwina.”

Ntchito imeneyo inali msonkho wa zaka. Ndinadziwa kuti ndikaiphonya, lole ya ku Halale ikundidikira.

M'sitolo ya mmwenye wina kubomako munali mapuleni awiri, ngakhale kuti imodzi yokha ndiyo inkagwirika. Imeneyo inali pashelefu, yopakidwa utoto wofiira, yonyezimira, mtengo wake mashelini asanu ndi atatu. Inayo inali m'buku la zithunzi za katundu. Ankati ndi ya ku Mangalande, mapaundi awiri ndi mashelini khumi, kulipiriratu, kenako kudikira kuti ibwere pa sitima. Ine m'kathumba ndinali ndi mashelini khumi amene ndinasunga chaka chathunthu. Mutu wanga unawerenga msanga: yofiirayo nditenga lero, ndi chenji cha mchere pamwamba.

Tsiku limenelo Namwale ananditsatira, poti anali ndi zake zogula. Ndikutulutsa ndalama, iye anati, “Tabwerani nacho kuno ndichione.”

Inu atsikana, Tiyamike ndi mnzakoyo, mumagula mapoto a m'sitolo, simudziwa m'mene ankagulira mphika wadothi. Mkazi sankayang'ana kukongola kwake. Ankaunyamula m'mwamba ndi dzanja limodzi, nkuugogoda ndi chala, khutu lili pafupi. Mphika wopsa bwino umalira kuti ngwee, mawu nkumapitirira. Wosapsa kapena wamng'alu umangoti pho, basi. Namwale pa ntchito imeneyi anali katswiri, moti anzake ankamutenga popita kwa oumba.

Anandiuza kuti ndisolole mpeni wa puleni yofiira ija. Anaulendewetsa ndi zala ziwiri nkuugogoda ndi msomali umene anatola pakauntala. Anagogodanso. Kenako anaubweza nkupukuta zala pansalu yake.

“Uwu ndi mphika wosapsa,” anatero.

Ine manyazi anandigwira. Ndinati, “Namwale, ichi nchitsulo, si dongo. Mukudziwapo chiyani inu?”

Koma mmwenye uja, m'malo mokwiya, anaseka mpaka kugwira pamimba. Anati, “Amayi, mwadziwa. Ine sindinama. Iyi ndi ya miyezi, ya m'bukuyi ndi ya zaka. Koma ya zaka imafuna thumba lalikulu.”

Tinatuluka osagula kanthu, ndipo njira yonse ndinkalongolola ndekha. Ndinkati chithunzi sichipala thabwa. Ndinkati ndalama za puleni imodzi ya m'bukuyo ndingagule zofiira zisanu ndi chimodzi, ina ikatha nkutenga ina. Ndinkati nanga sitima ikamira nayo? Iye anangoti, “Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere,” nkupitiriza kuyenda patsogolo panga.

M'mawa mwake ndinadzuka nkupeza watsegula nkhokwe yake ya mpunga, akuthira m'matumba.

Muyenera kumvetsa kuti mpungawo sunali wanga. Dambo linali la kwawo, analima ndi iye, kupirikitsa mbalame ndi iye. Mpunga umenewo ndiwo unali nsalu yake ya chaka, mchere, sopo, ndi chosinthanitsa ndi nsomba m'dzinja. Mkamwini analibe mawu pa nkhokwe imeneyo, ngakhale kusuzumiramo. Malume ake, amene anali mwini mbumba, atamva anabwera ndodo ili m'manja.

“Namwale, wapenga kodi? Ukugulitsa chakudya cha dzinja kuti ugulire mlendo chithunzi? Mawa akanyamula chitsulo chakecho nkubwerera kwawo, udzadya chiyani?”

Iye anagwada monga mwa ulemu, nkuyankha motsitsa mawu. “Malume, mpungawu ndinalima ndine. Ukathera pachabe, njala yake idzakhala yanga.”

Tinasenza matumbawo maulendo atatu kukagulitsa kubomako. Mmwenye analandira ndalama nkutipatsa kapepala, ndipo Namwale anakasunga m'chibade pamodzi ndi mikanda yake.

Kudikira kumene ndinadikira, inu ana, simungakudziwe, inu amene mumakwiya foni ikachedwa kuyaka. Sitima inkafika patapita masabata, nkuima patali, mabwato nkumapita kukatsitsa katundu. Ikangoliza lipenga lake, ine ndinkataya chilichonse chili m'manja, liwiro ulendo wa kudoko. Ndinkaima m'madzi mpaka m'mawondo kuyang'ana bokosi lililonse. Mabokosi a sopo, migolo ya palafini, mitolo ya nsalu, changa palibe. Asodzi osoka maukonde pamchenga anayamba kundidziwa. Akandiona ankafuula, “ABanda, chithunzi chija chafika?” Ndinkaseka nawo, nkubwerera kumudzi chimanjamanja.

Mwera unawomba nkutha. Kunabwera chilimwe, mchenga nkumaotcha mapazi. Mango anachita maluwa, anabereka, anayamba kupsa. Anzanga awiri amene ndinavinidwa nawo anakwera lole ija, ndipo mmodzi anandiuza pokwera kuti andisungira malo. Ine pofuna kudzitonthoza ndinakhoma bokosi losungiramo puleniyo, kuyeza ndi maso kuchokera pa chithunzi. Nthawi zina ndinkatenga chipika nkumachikankha pathabwa kuphunzira kaimidwe kake, mwendo uwu kutsogolo, uwu kumbuyo. Tsiku lina Namwale anandipezerera. Anaseka mpaka kutula mtsuko pansi kuti ungasweke.

Koma panali zina zosaseketsa. Chaka chimenecho agogo anu anakhala ndi nsalu imodzi yokha ya biriwita. Akaichapa kunyanja ankakhala m'bango kudikira kuti iume. Anzake anagula zatsopano ndi mpunga wawo, iye ayi. Sanandinenepo ngakhale kamodzi, ndipo kusanenako ndiko kunkandipweteka koposa. Pakhomo tinkadya kondowole ndi chigwada, mpunga osauona ngakhale mlendo atabwera. Malume ake akamadutsa ankangokhosomola.

Ndikadandaula kwa a Fundi, iwo ankati, “Kuona maso a nkhono nkudekha. Inshallah ifika. Pakali pano nola kasemasema wakoyo.”

Inafika itagwa kale mvula ya chizimalupsa, tsiku Lachisanu m'mawa. Mmwenye anaitulutsa m'bokosi itakulungidwa m'pepala lamafuta. Nditainyamula, dzanja linatsika lokha ndi kulemera. Zogwirira zake zinali za mtengo wakuda wosalala, kagudumu kosinthira mpeni kali ka mkuwa. Onani, nkomweka, kangoti kuda ndi thukuta langa. Bokosi limene ndinakhoma lija linapezeka lalifupi ndi chikhatho chathunthu, moti linasanduka moikira nkhuku. Namwale anasolola mpeni, nkuugogoda ndi msomali pomwepo m'sitolomo. Unalira kuti ngwee, mpaka mmwenye anatseka maso. Kenako Namwale anangondipatsa mpeniwo.

Pofika kumudzi tinali ndi chigulu cha anthu pambuyo, asodzi aja, amayi, ngakhale malume ake. Aliyense ankafuna kuona chitsulo chimene chinadya nkhokwe.

Tsono apa ndi pamene agogo anu aamuna anaonetsa uchitsiru wawo. Ndinali nditalonjeza Namwale kuti ntchito yoyamba ya puleniyo idzakhala chitseko cha nyumba yake, poti tinkatseka ndi cha bango. Matabwa ake anandipatsa ndi a Fundi, a mbawa, ochokera ku chombo chakale chimene chinaphwasulidwa pagombe. Anali atakhala pamchenga miyezi yambiri. Lamulo la a Fundi pa thabwa lotere ndinkalidziwa ngati dzina langa. Thabwa la kunyanja umayamba walitsuka, chifukwa mchenga umalowa m'mitsempha yake. Likauma, kasemasema amayamba walilawa, kufufuza misomali yobisala. Landa imabwera pomaliza. Mmisiri aliyense wa m'mbali mwa nyanja amadziwa zimenezi.

Namwale anandinong'oneza, “Bwanji mudikire a Fundi atuluke ku mzikiti?”

Ine ndinayang'ana anthu aja, ndinayang'ana malume, nkuti, “Ndadikira miyezi isanu. Zakwana.”

Ndinangopukuta thabwa ndi dzanja nkuliika pa benchi. Kukankha koyamba, puleni inayenda ngati bwato pamadzi odekha, nkutulutsa kakhoko kopyapyala kopiringizana, koti ukakayang'anitsa kudzuwa kuwala kumadutsa. Amayi anaimba nthungululu. Kachiwiri chimodzimodzi. Fungo la mbawa linadzaza pabwalo. Kachitatu ndinakankha ndi mphamvu zonse kuti malume aone bwino, ndipo ndinangomva kuti khe!

Munali msomali wa chombo, wodyeka ndi dzimbiri, utabisala pansi pa khungu la thabwa. Nditatembenuza puleni, mpeni unali utabenthuka pakati penipeni, malo okwana njere ya mpunga. Ndinayesa kukankhanso pambali, ndipo paliponse pamene yadutsa inkasiya kamtsempha kotukuka, kowongoka, kuyambira uku mpaka uko. Malume anawerama, anakhudza kamtsemphako ndi ndodo yawo nkuti, “Mpunga wathu uja ndi umenewu?” Anatembenuka nkumapita, anthu nkumwazikana mmodzimmodzi.

Ndikuuzeni zoona, inu ana, ndinalira. Munthu wamkulu, wa ndevu, ndinakhala pansi pa mango awo nkulira.

Kutacha ndinapinda bulangete langa nkulimanga ndi luzi. Namwale anandipeza pakhomo.

“Ulendo wa kuti?”

“Kwa kalaliki. Ndipite ku Halale, ndikagwire chaka chimodzi, ndidzakubwezereni mpunga wanu.”

Anandiyang'ana nkuti, “Bambo anganso ankati chaka chimodzi.”

Sanadikire yankho. Analowa m'nyumba, anatenga mpeni wobenthuka uja, anaumanga pa ngodya ya nsalu yake imodzi ija, nkuyamba ulendo wa kudoko. Ine ndinaima pang'ono ndi bulangete langa, kenako ndinalitula nkumutsatira.

A Fundi tinawapeza akumata chombo. Atamva nkhani sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anangofunsa, “Unalitsuka?” Ndinati ayi. “Kasemasema analawa?” Ndinati ayi. Anapukusa mutu nkutenga tupa yawo kuyesa pa mpeniwo. Tupa inkangoterereka, osaluma. Anayesanso, nkuyamba kumwetulira.

“Mwana wanga, chitsulo chachabe chikakumana ndi msomali chimapindika ngati chitini, ndipo ukachinola m'mawa, masana chabuntha. Chabwino chimabenthuka. Ichi chidzakuperekeza kumanda chikadali ndi mano. Koma kuti bala ili lithe, pafunika masiku pamwala, ndi dzanja losapsa mtima.”

Anatibwereka mwala wawo wonolera, umene sunkatuluka pakhomo pawo. Ndinayamba ndine, koma mtima unali m'mwamba, dzanja linkapendeka, mpeni nkuyamba kudyeka mbali imodzi. Namwale ataona anati, “Tasunthani.” Anagwada monga amagwadira popera mawere pamphero, anathira madzi pamwala, nkuyamba kukankha ndi thupi lonse, kupita ndi kubwera, osafulumira. Mkazi wopera amadziwa kuti mwala umadyeka mofanana ukauyendera ponseponse. Ine zimenezo sindinkazidziwa.

Ananola masiku anayi, akamaliza ntchito zina za pakhomo. Ine ntchito yanga inali yothira madzi. Tsiku lachisanu tinabwerera kwa a Fundi. Anayesa mpeni pamkono pawo, ubweya nkugwa wokha. Anandiyang'ana nkuti, “Fundi m'nyumba mwanu ndi uyu. Iwe uzingokankha.” Nkhani imeneyi sindinauzepo amisiri anzanga zaka zonsezi. Inu ndinu oyamba, ndipo isatuluke pakhonde pano.

Mabenchi a sukulu ndinawamaliza chaka chisanathe, lililonse lotsukidwa, lolawidwa ndi kasemasema, kenako puleni. Mphunzitsi uja anakhalapo nkusendera uku ndi uku, kabudula osadandaula. Pambuyo pake panabwera zitseko, mawindo, mipando ya ndalema, matebulo a makalaliki. Ngakhale bokosi la malume ake atamwalira ndinapala ndi puleni yomweyi, ndipo ndinalisalaza bwino, popanda mangawa. Yofiira ija anagula mmisiri wina wa ku Nkhunga. Patatha dzinja limodzi ndinaiona itamangiriridwa ku ukonde wa mlamu wake, ikugwira ntchito ya mwala.

Sindikunamizani kuti ndinalemera. Anzanga ena anabwerako ku Halale ndi njinga, masuti, ndi magalamafoni oimba okha, ndipo ndinkasirira mpaka kudwala. Ine njinga ndinagula imvi zitayamba. Panali masiku amene ndinkati mwina ndikanapita. Koma uja anati andisungira malo, mkazi wake anakalamba akuyang'ana kumsewu.

Chitseko chija ndinachimaliza, ndi chomwecho chili kumbuyo kwanuko. Nditafuna kupala kamtsempha kaja kuti kachoke, Namwale anagwira dzanja langa nkuti, “Kasiyeni.” Ndinafunsa chifukwa, sanandiuze. Zaka zonse alendo akayamikira chitsekocho, maso anga ankathamangira pa kamtsemphako, manyazi nkubwerera.

Chaka chimene agogo anu aakazi anatisiya, miyendo itakana, ankakonda kukhala pamkeka pakhomopo, msana atatsamira chitseko. Tsiku lina masana ndinakhala naye nkumufunsa zimene zinkandivuta kuyambira kale.

“Namwale, nkhokwe yathunthu, chaka chonse ndi nsalu imodzi, kugula chinthu chimene simunachigogode nkomwe, poti chinali m'chithunzi. Simunaone kuti chadula?”

Anaseka kaseko kake kaja. Anati, “Ndani anakuuzani kuti ndinkagula chitsulo? Tasenderani kuno.” Nditasendera, anapinda chala nkundigogoda pamphumi kawiri, khutu atalitchera.

Ndinati, “Nanga walira bwanji?”

“Uli ndi kamng'alu,” anatero, uku chala chake chikuyenda pa kamtsempha ka pachitseko. “Aka. Koma ndi wopsa. Mphika wotere suutaya, umangousunga pafupi.”

Tsono Mavuto, dzuka, pita ukayendetse chala pachitsekopo, cha m'munsi mwa chogwirira. Wakamva? Anyamata ako a zitsulo zakutha ali ndi sikelo, adzakuuza kulemera kwa puleniyi, nkukupatsa ya mayunitsi a masiku awiri. Koma amayi ako anabadwira kuseri kwa chitseko chimenecho, ndipo pamene ankalira kulira kwawo koyamba, ine sindinali ku Halale. Ndinali pansi pa mango apo, ndipo ndinamva ndi makutu angawa.